PHUNZIRO 9: KUKHALA PAFUPI NDI BWALO LA NDEGE

Werengani pang'onopang'ono. Mukapeza mau achilendo, imani, mufunse aphunzitsi kapena mnzanu.

Ndege ikamadutsa

Amene mudafikako ku Chileka mukudziwa mmene ndege imalirira. Imayamba ndi kulindima chapatali. Kenaka imabangula, malata n'kumanjenjemera. Nkhuku zimathawira pansi pa nkhokwe. Mwana amene ali m'tulo amadzidzimuka. Anthu ocheza pakhonde amayamba akhala chete mpaka ndegeyo ipite.

Bwalo la ndege la Chileka lili m'boma la Blantyre, pafupifupi makilomita 16 kuchokera mumzinda. Ndi bwalo lakale ndithu. Dr. H. Kamuzu Banda adatsikira pomwepa pobwera kumudzi pa 6 July 1958. Lidali bwalo lalikulu la dziko lino mpaka 1983, pamene bwalo la Kamuzu lidatsegulidwa ku Lumbadzi, kumpoto kwa Lilongwe. Mpaka lero ndege zimatera ndi kunyamuka pa Chileka, zina za ku Lilongwe, zina za ku Johannesburg.

Ndege ndi zothandiza. Zimanyamula anthu, mankhwala ndi katundu. Abale athu ena adapeza ntchito pabwalopo. Sitingaziuze kuti zileke kuuluka ai. Koma phokoso lake tingathe kulichepetsa mphamvu. Njira zake ndi ziwiri: kuganiza bwino tisanamange, ndi kulankhula pamodzi monga mudzi.

Phokoso limayezedwa

Chimanga timayeza ndi makilogalamu. Nsalu timayeza ndi mamita. Phokoso nalonso lili ndi muyeso wake. Muyesowo umatchedwa desibelo. Taonani:

Munthu akamanong'ona, ndi madesibelo 30.
Anthu awiri akamacheza, ndi madesibelo 60.
Phokoso lokuchititsani kufuula polankhula ndi munthu amene mwaima naye pafupi, lafika madesibelo 85 kapena kuposa.
Ndege ya jeti ikamanyamuka, munthu ali pafupi nayo, phokoso limapitirira madesibelo 120.

Kawerengedwe ka madesibelo n'kosiyana ndi ka makilogalamu. Akakwera ndi 10 okha, khutu limamva ngati phokoso lawirikiza kawiri. Tsono 70 imamveka kawiri kuposa 60, ndipo 80 imamveka kanayi kuposa 60.

Phokoso limationonga bwanji?

Choyamba, makutu. M'kati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo konga chigoba cha nkhono. M'menemo muli tinthu tating'ono tonga tsitsi timene timagwira mau. Phokoso lalikulu limatopetsa tinthu timeneti. Tikafa sitimeranso. N'chifukwa chake munthu wogwira ntchito maola 8 tsiku ndi tsiku m'phokoso la madesibelo 85 kapena kuposa amayamba kugontha. Ogwira ntchito pafupi ndi ndege, ngakhalenso a pachigayo, ayenera kuvala zotseka m'makutu. Kwa ife okhala m'midzi, ndege yodutsa kangapo patsiku siigonthetsa munthu kawirikawiri. Vuto lathu lalikulu lili pa zinthu ziwiri zotsatirazi.

Chachiwiri, tulo. Usiku kunja kumakhala zii, choncho ndege imamveka kwambiri. Ngakhale munthu asadzuke, tulo take timadukizadukiza ndipo mtima umagunda mofulumira. M'mawa amadzuka ali wotopa, kumunda osalimbika. Zikapitirira zaka zambiri, zingathandizire matenda a kuthamanga kwa magazi ndi a mtima. Mu 2018 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalemba malangizo a maiko a ku Ulaya. Lidati phokoso la ndege pamalo okhala anthu, poliwerengera tsiku lonse, lisapitirire madesibelo 45, ndipo usiku lisapitirire 40.

Chachitatu, maphunziro a ana. Apa timve zimene zidachitika kudziko lina.

Zimene zidaoneka ku Munich

Munich ndi mzinda wa m'dziko la Germany. Mu 1992 anthu a kumeneko adatseka bwalo lao lakale la ndege, natsegula latsopano pamalo ena. Akatswiri atatu, Staffan Hygge, Gary Evans ndi Monika Bullinger, adaona kuti uwu ndi mwai wophunzirapo kanthu. Adayesa ana 326 a zaka pafupifupi 10. Ena adali okhala pafupi ndi bwalo lakale, ena pafupi ndi latsopano. Adawayesa bwalo lisanasamuke, ndi kuwayesanso litasamuka.

Adapeza izi. Ana a pafupi ndi bwalo latsopano, kumene phokoso lidafika, adabwerera m'mbuyo pa kuwerenga ndi pa kukumbukira zimene awerenga. Ana a pafupi ndi bwalo lakale, kumene phokoso lidatha, adayamba kuchita bwino kuposa kale.

Inu amene mwaphunzira kuwerenga muli akulu mukudziwa kuti ntchitoyi imafuna mtima wokhazikika. Chilembo chimodzi chikakuphonyani, liu lonse lasokonezeka. Nanga mwana wa Sitandade 2 atani, ndege ikamamdula mau a aphunzitsi pakati? Koma nkhani ya ku Munich ikutilimbitsanso mtima. Phokoso likachepa, mwana amabwerera mwakale.

Phokoso limachuluka kuti?

Sikuti mbali zonse za bwalo zimamva chimodzimodzi. Ndege ili ndi msewu wake wa tara umene imathamangapo ponyamuka ndi potera. Pa Chileka msewu waukulu ndi wautali kupitirira makilomita 2, ndipo udaloza chakum'mawa ndi chakumadzulo. Ndege imatuluka kunsonga imodzi ya msewuwo, ndi kulowera kunsonga inayo. Midzi imene ili moyang'anana ndi nsonga ziwirizi ndiyo imamva kwambiri, chifukwa ndege imadutsa pamwamba pake ili m'munsi. Mudzi wa m'mbali, ngakhale uli pafupi ndi mpanda, nthawi zina umamva pang'ono kusiyana ndi mudzi wakutali umene uli pansi pa njira ya ndege.

Ndege imakonda kunyamuka ndi kutera moyang'anana ndi mphepo. Mphepo ikatembenuka, ndege nazonso zimasintha mbali. N'chifukwa chake mwezi uno phokoso lingakhale kwanu, mwezi wina n'kukhala kwa anzanu a tsidya linalo.

Kumbukiraninso kuti kutalikira ndiwo mankhwala. Mtunda pakati pa inu ndi ndege ukawirikiza kawiri, phokoso limatsika ndi madesibelo pafupifupi 6.

Njira zinayi zimene maiko adagwirizana

Pali bungwe la maiko loona za maulendo a ndege lotchedwa ICAO. Likulu lake lili ku Montreal m'dziko la Canada, ndipo Malawi ndi membala. Mu 2001 bungweli lidagwirizana njira zinayi zochepetsera phokoso la ndege.

1. Kupanga ndege zolira pang'ono. Akuluakulu akukumbukira ndege za VC10 ndi BAC One-Eleven zimene Air Malawi idali nazo m'zaka za m'ma 1970. Zidali zaphokoso zedi. Majeti a masiku ano amalira pang'ono kusiyana ndi amenewo.

2. Kugawa malo mwanzeru, kuti nyumba, sukulu ndi zipatala zisamangidwe pansi pa njira ya ndege.

3. Kusintha kaulukidwe. Oyendetsa ndege angathe kukwera msanga, kapena kutsata njira yolambalala malo a anthu ambiri, ngati kutero sikubweretsa ngozi.

4. Kuika malire, njira zinazo zikalephera. Mwachitsanzo, pa bwalo la Frankfurt ku Germany adaletsa maulendo a ndege kuyambira 11 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa. Lamuloli lidayamba mu 2011.

Njira yoyamba, yachitatu ndi yachinayi zili m'manja mwa opanga ndege, oyendetsa ndege ndi boma. Koma yachiwiri ija ikutikhudza ife eni ake, pamodzi ndi mafumu athu.

Mmera mpoyamba

Pa Chileka ndege sizichuluka ngati ku Johannesburg kapena ku Nairobi. Koma anthu akuchulukirachulukira, ndipo malo omanga akusowa. Nyumba ya njerwa imakhala zaka zambiri. Ndege zikadzachuluka, simungaisenze pamutu n'kuisamutsa.

Tiyerekeze kuti mudzi wanu waumba njerwa za sukulu. Malo alipo awiri. Ena ali pafupi ndi msewu wa galimoto, koma ndege zimadutsa pamwamba pake. Ena ali patali pang'ono, m'mbali mwa njira ya ndege. Ambiri adzakonda apafupiwo. Inu muimirire, muwakumbutse za ana a ku Munich. Ndi bwino mwana ayendeko pang'ono koma akamve zimene aphunzitsi akunena.

Chimodzimodzi pogula malo. Musathamangire kuti ndi otchipa. Pitani mukakhaleko tsiku lonse, mumve ndi makutu anu. Funsani anthu oyandikana nawo. Funsani amfumu, a khonsolo ndi akuluakulu a bwalo ngati malowo ndi ololedwa kumangapo. Paja safunsa adadya phula.

Nanga ife amene tidamanga kale?

Zilipo zimene mungachite pang'onopang'ono, monga mwa thumba lanu.

Phokoso limalowa pamene mphepo imalowa. Matani ming'alu ya m'khoma. Konzani zitseko ndi mazenera kuti zizitsekeka bwino.

Chinthu cholemera chimatchinga phokoso kuposa chopepuka. Khoma la njerwa limathandiza. Malata okha satchinga kwenikweni. Mukapeza ndalama, ikani siling'i, muyambire chipinda chogona.

Chenjerani! Mukatseka zitseko ndi mazenera, musasiye mbaula ya makala ikuyaka m'nyumba. Mpweya wake umapha anthu ali m'tulo.

Mitengo ndi yabwino pa mthunzi ndi nkhuni, koma phokoso lochokera kumwamba siilitchinga kwenikweni. Ndiponso mitengo italiitali siifunika pafupi ndi nsonga za msewu wa ndege.

Kusukulu, aphunzitsi aime ndege ikamadutsa, kenaka abwereze zimene amanena. Kalasi yathu ya akulu nayonso isankhe nthawi imene ndege sizidutsa kawirikawiri.

Ana aletsedwe kukwera kapena kuboola mpanda wa bwalo kuti akaonere ndege. Kumeneko phokoso limaononga makutu, ndipo ngozi yake ndi yaikulu. Mbuzi ndi ng'ombe nazo zisalowemo.

Cholembera chanu chigwire ntchito

Munthu mmodzi akapita ku ofesi n'kunena kuti ndege zikusokosa, adzamfunsa kuti, liti? Kangati? Akasowa poyankha, nkhani yathera pomwepo. Koma inu tsopano mumadziwa kulemba. Gulani kope limodzi. Sankhani anthu atatu a mbali zosiyana za mudzi. Kwa mwezi wathunthu azilemba tsiku, nthawi ndi zimene zachitika. Mwachitsanzo:

Lolemba, 10 koloko m'mawa. Ndege yadutsa pamwamba pa sukulu. Aphunzitsi aima kuphunzitsa.
Lachinayi, 11 koloko usiku. Ndege yatera. Ana adzuka.

Lembani zoona zokhazokha, osawonjezera. Mwezi ukatha, kopelo lipite kwa amfumu ndi ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi. Mukagwirizana, lembani kalata yaulemu. Nachi chitsanzo:

Mudzi wa ____________
Tsiku ____________

Kwa Bwana Woyang'anira Bwalo la Ndege.

Wokondedwa Bwana,

Ife anthu a mudzi uno talemba nthawi zimene ndege zimadutsa pamwamba pathu kwa mwezi umodzi. Tatumiza zolembazo pamodzi ndi kalata ino. Tikupempha kuti mutitumizire munthu adzakhale nafe pamsonkhano. Tikufuna atiuze malo amene ndege zimadutsa, ndi malo amene sitiyenera kumangapo. Tikupemphanso kuti muzitidziwitsa pakakhala kusintha kwa maulendo a usiku.

Ndife anu,
____________ (Mlembi)
____________ (Nyakwawa)

Sungani kalata ina yofanana nayo. Yankho likachedwa, lembaninso, kapena tumani anthu awiri akafunse. Mwina simudzalandira zonse zimene mwapempha. Koma mudzadziwa pomanga ndi posamanga, ndipo a bwalo adzadziwa kuti kuseri kwa mpanda kuli anthu. Mutu umodzi susenza denga.

Mau atsopano

desibelo, jeti, siling'i, membala, khonsolo

Awerengeni mokweza. Lembani chiganizo chimodzi ndi liu lililonse.

Mafunso

1. Kodi phokoso timayeza ndi muyeso wanji?
2. Tchulani zinthu zitatu zimene phokoso limaononga.
3. Chidachitika n'chiyani kwa ana a ku Munich bwalo la ndege litasamuka mu 1992?
4. N'chifukwa chiyani midzi yoyang'anana ndi nsonga za msewu wa ndege imamva phokoso kwambiri?
5. Mwa njira zinayi za ICAO, ndi iti imene ikukhudza mudzi ndi mafumu?

Kambiranani

Ngati kwanu kulibe bwalo la ndege, ndi phokoso lanji limene limakuvutani? Chigayo, msewu waukulu, kapena zokuzira mau za usiku? Ndi ziti mwa nzeru za m'phunziro lino zimene zingakuthandizeni?

Ntchito ya kunyumba

Jambulani mapu a mudzi wanu. Onetsani sukulu, chitsime, nyumba yopemphereramo ndi malo amene phokoso limachokera. Ikani chizindikiro pamalo amene mukuganiza kuti ndi abwino kumangapo sukulu ya mkaka. Mubwere nawo mapuwo tikadzakumananso.