Makalata a Omvera: Chidendene Chikamabaya M'mamawa

Zikomo mayi athu a ku Ntaja, ku Machinga, chifukwa cha kalata yanu. Mwati mukangotsika pamphasa m'mamawa chidendene chimabaya ngati mwaponda minga, ndipo popita kudimba mumadzandira. Pepani mayi. Nthawi zambiri vuto limakhala mtsempha wa kuphazi, wochokera kuchidendene kukafika kuzala.

Mwafunsa za makina a shockwave. Alipo amitundu iwiri. Ena amalunjikitsa mafunde pamalo amodzi, n'kulowa mkati kwambiri. Ena amamwaza mafundewo pamalo okulirapo, osalowa kwenikweni. Onsewa amachepetsa ululu kwa anthu ambiri, ndipo ululu ukachepa munthu amaponda bwino, kudzandira kumachepanso. Koma madokotala amawayesa njira zapafupi zikakanika kwa miyezi ingapo.

Yambani ndi izi: musanadzuke, kokani zala zakuphazi chakumtunda. Madzulo gubuduzani botolo la madzi ozizira pansi pa phazi. Musayende opanda nsapato pamalo olimba.

Phazi likamachita dzanzi, makamaka ngati muli ndi shuga, musachedwe. Pitani kuchipatala cha boma ku Liwonde, ndipo anzathu a ku Ulongwe ndi Phalula pitani ku Balaka. Akakuoneni achipatala, mayi, ndipo mudzatilemberenso.