PHUNZIRO: KATEMERA ALIBE CIPANI

Kuwerenga: 2 Mafumu 5:1-14.

Abale ndi alongo a m'mipingo ya ku Chongwe, mliri wa korona unatisiyira mlandu umene sitinauweruze. Mlanduwo ndi uwu: kodi munthu akhulupirire mankhwala cifukwa ca iye amene alamulira dziko, kapena cifukwa ca nchito ya mankhwalawo?

1. Za kacirombo ndi mitundu yace

Nthendayi inalowa m'Zambia mu Marici 2020. Kacirombo kace kakalowa m'thupi la munthu kabalana kwambiri, ndipo pobalanapo ana ena asiyana pang'ono ndi kholo lao. Mtundu umene ufala msanga ndiwo upambana unzace. Cotero kunabuka Beta, umene unadziwika poyamba ku South Africa kumapeto kwa 2020. Unautsata Delta, wodziwika poyamba ku India, umene unadzaza zipatala za ku Lusaka m'cisanu ca Juni ndi Julayi 2021. Mu Novembala caka comweco kunamveka Omicron. Ena pakumva maina atsopanowa anati madokotala angopeka nthenda. Iai, abale, nthenda inali yomweyo, koma inalikusintha pamene inalikuyenda mwa anthu.

2. Za nchito ya katemera

Katemera aphunzitsa thupi. Alionetsa cifaniziro ca mdani, kuti mdani mwini akadza, thupi limzindikire msanga. Tinene zoona: katemera wa korona sanatseke njira yonse, pakuti ambiri omlandira anadwalabe, makamaka m'masiku a Omicron. Koma anacepetsa ndithu kudwala koopsa ndi imfa, makamaka mwa okalamba. Yang'anani pa mikono ya agogo anu. Ambiri ali ndi cipsera ca katemera wa nthomba. Mu 1980 kunalengezedwa kuti nthomba yatha pa dziko lonse lapansi, ndipo ana anu saidziwa.

3. Za ndale

Katemera woyamba, wa AstraZeneca, wokwana 228,000, anafika ku Lusaka pa 12 Epulo 2021, itatsala miyezi inai kuti masankho a pa 12 Ogasiti acitike. Mitima ya anthu inali yogawikana. Ndiponso mu Januwale caka comweco nduna ya zaumoyo idacotsedwa pa mpando, mlandu wa katundu wosayenera wa m'zipatala uli mkamwa mwa anthu. Tisawapeputse tsono iwo amene anakayika, pakuti kukayika kwao kunali ndi pogwira. Koma pa kukayikako panamera mabodza oyenda pa lamya: akuti katemera aletsa kubala, akuti ndiye cizindikiro ca cirombo ca m'Cibvumbulutso.

Taonani cimene cinacitika. Nchito ya katemera inayamba m'boma la a Edgar Lungu. Mu Ogasiti a Hakainde Hichilema anatenga mpando, napitiriza nchito yomweyo, ndipo mu Novembala 2022 analengeza kuti anthu 70 mwa 100 ali onse oyenera katemera adamlandira. Wokana katemera poipidwa ndi boma loyamba, ndi womkana poipidwa ndi laciwiri, onse anakana cinthu cimodzi, ndipo Delta sanafunse munthu cipani cace.

Anansi athu a ku Tanzania anaona zoposa. Mtsogoleri wao John Magufuli anakana katemera, dziko lonse nilikhala lopanda iye. Atamwalira mu Marici 2021, womlowa m'malo, mai Samia Suluhu Hassan, analandira katemera pamaso pa anthu mu Julayi. Mankhwala sanasinthe, koma anthu anadikira mau a munthu mmodzi.

4. Za Namani

Namani Msuriya anali wakhate. Atamva kuti akasambe m'Yordano anapsa mtima, popeza mtsinjewo unali wa dziko lina, ndipo mneneri sanaturuke kudzamlemekeza. Akadatsata mkwiyo wace akadabwerera kwao ndi khate lace. Anampulumutsa anyamata ace, amene anamdandaulira kuti aleke kuyang'ana mwini mau, ayese mauwo.

Momwemonso ife. Dzudzulani boma likalakwa, pakuti ndiwo udindo wa nzika. Koma musalange boma ndi thupi la mwana wanu. Mukakayika, funsani anamwino a ku cipatala ca kwanu kuti mankhwalawo acita ciani, nanga zobvuta zace nziti. Akulu anati, safunsa anadya phula. Ndipo inu akulu a mpingo, musakwere pa gome ndi mau ongomva pa lamya, pakuti anthu akhulupirira pakamwa panu, ndipo wina adzafa nao.

Mu Meyi 2023 bungwe la zaumoyo la dziko lonse linati korona salinso ngozi yadzidzidzi, ngakhale kacirombo kace sikanathe. Koma mu Januwale 2024 kolera anadzaza odwala m'bwalo la Heroes ku Lusaka, pafupi ndi ife pomwe, ndipo cikuku cifunabe ana osalandira katemera. Amai, khadi la ku sikelo lisagone m'sutukesi.

Mafunso

1. Mitundu yatsopano ya kacirombo ibuka bwanji?
2. Katemera wa korona anakhoza ciani, nanga analephera ciani?
3. M'mudzi mwanu muli ana angati osatsiriza katemera wao, ndipo adzawaperekeza ndani?