Amayi anu akudwala, si mfiti

Zikomo mayi athu a ku Ntcheu chifukwa cha kalata yanu. Mwati amayi anu amathira mchere kawiri m'ndiwo, amafunsa za malemu bambo ngati kuti angopita kudimba, ndipo anthu ayamba kunong'ona za ufiti. Pepani kwambiri, zimenezi zimandiwawa. Awa ndi matenda a ubongo, mayi.

Mwa matenda oiwalitsa chonchi, ofala kwambiri ndi a Alzheimer, dzina la dokotala wa ku Germany amene anawafotokoza mu 1906. Mu ubongo mumaunjikana mapuloteni awiri. Amyloid amaundana pakati pa maselo, pomwe tau amapotana m'kati mwa maselowo. Maselo amaleka kupatsirana uthenga, kenako amafa. Mbali yosunga zatsopano ndiyo imayamba kuwonongeka, n'chifukwa chake amayi angaimbe bwinobwino nyimbo za pautsikana wawo koma n'kuiwala kuti nsima adya kale.

Mtundu wina umabwera timitsempha ta magazi tikatsekeka mu ubongo, makamaka kwa odwala BP ndi shuga. Choncho pitani nawo amayi kuchipatala akawayeze. Mankhwala ochiziratu kulibe, koma BP ndi shuga zili ndi mankhwala ake. Musamawasiye okha pamoto.