Phunziro 18: Ku cionetsero ca ku Lusaka

Alongo anga amaphunzira zaulimi ku Lusaka, m'dziko la Zambia. Pocoka kuno ku Nsadzo amadzera pa malire a Cassacatiza, kenaka ku Katete.

Kumayambiriro kwa mwezi wa Agosto, ku Lusaka kumakhala cionetsero ca zaulimi ndi zamalonda. Alimi amabweretsa ng'ombe, mbuzi, cimanga ndi nsawa. Alongo anga amathandiza kumeneko popanda malipiro.

Amadzuka mbandakuca. Amasesa m'khola, namwetsa ng'ombe. Masana amalozera alendo njira.

Tsiku lina anapeza mwana akulira pakati pa anthu.

— Iwe, amai ako ali kuti?

— Sindikuwaona!

— Usalire. Dzina lako ndani? Nanga la amai ako?

Mwanayo anachula maina onse awiri. Alongo anga anamugwira dzanja, napita naye kwa munthu wolengeza pa cimkuzamau. Posacedwa amai ake anafika akuthamanga.

— Zikomo, mwana wanga! Mtima wanga wakhala pansi.

Mafunso
1. Alimi amabweretsa ciani ku cionetsero?
2. N'ciani cinathandiza mwana uja?
3. Chula dzina lako, la makolo ako ndi la mudzi wanu.