Kufupikitsa dzina la gulu lanu kuti anthu azitha kulitchula

Kukolola kukatha, magulu atsopano amabadwa kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi: makalabu a alimi, mabanki mkhonde, magulu a achinyamata. Ndakhala pansi pa mitengo pamisonkhano yotere kuyambira ku Madisi mpaka ku Malomo, ndipo cholakwa n'chimodzimodzi. Alembi amalemba dzina lalitali m'Chingerezi, n'kutola lembo loyamba la liwu lililonse, n'kutuluka ndi mulu wa zilembo umene ngakhale iwo eni lilime limawakana. Sabata isanathe mudzi wonse ukungoti "gulu la kwa amfumu lija."

Zogwirizana dzina lonse mukuzidziwa kale. Lingokhala lalifupi, m'chiyankhulo cha mamembala ake.

Pofupikitsa m'pamene anthu amagwera. Musatole zilembo, tolani maphatikizo. Mawu a Chichewa amathera ndi lembo la liwu: a, e, i, o, u. N'chifukwa chake ADMARC, imene inayamba mu 1971, tonse timaitchula Adimaki. ESCOM timati Esikomu, AIDS inasanduka Edzi. Pakamwa pathu pamabwezeramo malembo amene wolemba anawasiya. Koma MEDI imene inali pa Mponela palibe amene ankailuma, ndipo MZUNI imatuluka yokha pakamwa. Anzathu a ku Tanzania anachita chomwechi ndi CHADEMA: anatenga cha, de ndi ma kuchokera ku Chama cha Demokrasia na Maendeleo.

Tiyerekeze kuti ndinu gulu la alimi a soya ndi mtedza. Mukatola zilembo mupeza GLAASNM. Ndani angaitane mnzake ndi chimenechi? Tayani timawu tating'ono, la, a, ndi. Sankhani mawu awiri kapena atatu amene akunena ntchito yanu, mutenge phatikizo loyamba pa lililonse: so ndi mte, Somte. Maphatikizo awiri kapena atatu akwana. Akafika anayi mwabwereranso ku dzina lalitali.

Mukapeza dzinalo musaombe m'manja msanga. Liyeseni pakamwa, osati papepala. Pitani kwa agogo amene sadziwa kuwerenga, muwauze kamodzi kokha, mawa mukawafunse. Uzaninso mwana wa Sitandade 2. Imbirani mnzanu foni netiweki ikudukaduka kuseri kwa phiri, muone ngati alimva popanda kukufunsani kuti mwati chiyani. Agogo akalisintha, dzina lanu ndi limene atchula agogolo, lembani limenelo. Ndibwereze, chifukwa apa m'pamene komiti imachita ulesi: dzina limene silinayesedwe pakamwa silinathe. Kenaka muitane anyamata a pamsika awiri kapena atatu, muwafunse ngati silikumveka ngati mawu otukwana kapena oseketsa. Iwowo amamva zimene akuluakulu a mpingo sangamve, ndipo ndi bwino akusekeni pano kusiyana ndi tsiku lotsegulira. Fufuzaninso ku ofesi ya alangizi ngati palibe gulu lina la m'dera lanu lotchedwa choncho.

Pali anthu amene amalangiza kuti opereka thandizo amakonda chidule cha Chingerezi. Uphungu umenewu umanditopetsa. Amene amabwera ndi thandizo amafuna kuona mabuku a ndalama, ndipo akafika pamsika n'kufunsa njira, amafuna dzina limene wakabaza akulidziwa.

Kulakwitsa kuli ndi mtengo wake. Chidindo mwina chikudyerani K20,000 kapena kuposerapo, chikwangwani cholembetsa kwa wopenta mwina K60,000, osawerengera thiransipoti yopita ku Lilongwe. Gulu lina limene ndinkalithandiza linabwezedwa ku banki kawiri chifukwa chidindo chinali ndi lembo limodzi losiyana ndi la m'malamulo a gulu. Choncho mukagwirizana, alembi alembe dzina lonse ndi chidule chake patsamba loyamba la buku la gulu, apampando ndi asungichuma asayinire, ndipo aliyense wopita kukadinditsa kapena kukalembetsa chikwangwani akopere pamenepo.

A komiti, musanapereke ndalama ya chidindo, dikirani sabata imodzi mumve mmene mudzi ukulitchulira.