Chenjerani ndi chuku: uthenga kwa mabanja a kwa Simlemba

Kuno kwa Simlemba fodya ndiye amabweretsa ndalama, koma chimanga ndi mtedza ndizo zimalera ana. Tikakolola, mtedza wosalala timagulitsa kwa mavenda, pomwe wofota, wosweka ndi wakuda timasinja nsinjiro zotendera ndiwo ndi kuthira m'phala la mwana. M'zotsalira zimenezi ndi momwe mumachuluka poizoni wa chuku.

Chuku n'chiyani?

Ndi nkhungu yobiriwira kapena yachikasu imene imamera pa mbewu zachinyezi ndi zobooledwa ndi tizilombo. Imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu saoneka ndi maso, ndipo satha ngakhale mtedza muukazinge kapena nsima ipse bwanji.

Kuopsa kwake

Munthu akamadya pang'onopang'ono kwa zaka, chiwindi chimawonongeka mpaka kuchita khansa, makamaka ngati ali kale ndi hepatitis B. Chitetezo cha m'thupi chimatsika, ndipo ana amatha kupinimbira. Poizoniyu akachuluka amapha msanga: mu 2004 anthu 125 anamwalira ku Kenya atadya chimanga cha chuku.

Kumunda

Chuku chimayambira m'nthaka, makamaka mvula ikadula mtedza usanakhwime.
- Bzalani ndi mvula yoyamba, musadikire kuti mumalize kuwokera fodya.
- Thirani manyowa owola bwino, tsekani mizere ndi kuphimbira nthaka kuti chinyezi chikhalitse.
- Chitani kasinthasintha wa mbewu.
- Kumbani mtedza ukangokhwima. Ukakhalitsa, chiswe chimauboola.

Poyanika ndi posenda

- Yanikani pa mphasa, lona kapena thandala, osati padothi. Funsani alangizi a zaulimi akuonetseni kaunjikidwe ka mtedza kotchedwa Mandela Cock.
- Mtedza wouma umachita phokoso mukaugwedeza m'makoko.
- Musawaze madzi pa makoko kuti afewe posenda, kapena pa mtedza wosenda kuti ulemere pasikelo.
- Mphale yovuula ndi ufa wochokera kuchigayo ziume bwinobwino musanatute.

Posunga

- Mtedza usungidwe m'makoko, muzisenda wokwanira kudya basi.
- Matumba akhale pa mitengo, osakhudza pansi kapena khoma, m'nyumba yosadontha.
- Poteteza chimanga ku anankafumbwe, thirani mankhwala ake monga Actellic potsata muyeso wolembedwa pabotolo, kapena gwiritsani ntchito matumba a PICS amene safuna mankhwala.
- Mankhwala opopera fodya si a chakudya. Musawathire m'chimanga kapena pa masamba a kudimba, ndipo botolo lake musasungiremo mchere, mafuta kapena madzi.

Pophika

Sankhani mtedza umodziumodzi musanasinje nsinjiro kapena kupera chiponde. Wowawa mulavule. Chimanga chowola musapite nacho kuchigayo kapena kufululira mowa. Musachidyetsenso ziweto, chifukwa poizoniyu amadutsa mpaka mumkaka wa ng'ombe. Zotaya zonse zikwirireni m'dzenje lakuya.

Thamangirani kuchipatala

Wina pakhomo akachita chikasu m'maso, kusanza, kupweteka kapena kutupa mimba ndi miyendo, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ana osakwana zaka 5 azipita kusikelo mwezi ndi mwezi, ndipo alangizi a zaumoyo a m'dera lanu akuthandizani pa mafunso ena.

Bambo ndi mayi, musanayitane venda chaka chino, yambani mwapatula mtedza wabwino wa ana anu.