Fumbi la Ufa ndi Shuga Limaphulika: Mafunso ndi Mayankho

Kodi ufa ungaphulike zoona?

Inde. Ufa wa chimanga, wa kondowole, madeya ngakhale shuga zikakhala m'thumba zilibe vuto. Zikasanduka fumbi louluka m'malo otsekeka, kamoto kakang'ono n'kokwanira. Pa 7 February 2008 fakitale ya Imperial Sugar ku Port Wentworth, m'dziko la America, inaphulika ndipo anthu 14 anafa. Moto unayambira pa lamba wonyamula shuga amene anamukuta ndi zitsulo, kenako unayatsa fumbi lomwe linaunjikana m'nyumba monse.

Nanga valavu yotseka mapaipi a m'fakitale ntchito yake n'chiyani?

Makina a m'fakitale amalumikizana ndi mapaipi, kuchokera popera kupita kosefera fumbi mpaka kunkhokwe. Kukaphulika mbali imodzi, lawi limathamanga m'paipi n'kukapeza fumbi lina kutsogolo, ndipo kuphulika kwachiwiriko nthawi zambiri n'komwe kumagwetsa makoma. Valavu imatseka paipiyo lawi lisanadutse, monga momwe lupsa limathera pomwe munthu analambula.

Imatseka bwanji?

Ina ili ndi kachitseko kolendewera komwe kamakhala kotsekula mpweya ukamayenda. Kukaphulika, mphamvu yomweyo imakamenyetsa n'kukakhoma. Ina imadalira kachipangizo komva kukwera kwa mphamvu ya mpweya, ndipo chitsulo chimatseka sekondi isanathe. Koma dziwani kuti valavu siletsa kuphulika koyamba. Komanso kachitseko kakamatirira ufa sikatseka bwino, choncho valavu yosayenderedwa ndi chokongoletsa chabe.

Ife a kwa Mwadzama zikutikhudza pati?

M'boma lathu lomweli muli fakitale ya shuga ya Illovo ku Dwangwa, ndi Ethco yomwe yakhala ikupanga ethanol kuyambira 1982. Mnyamata wokafuna ntchito kumalo otere ayenera kuidziwa valavu imeneyi, ndipo asadzaitchinjirize ndi mtengo kapena waya pofuna kuti ntchito ifulumire.

Ndiye mwini chigayo kapena makina a mpunga agule valavu?

Chigayo chaching'ono chopanda mapaipi aatali sichifuna zimenezo. Chimafuna tsache. Yang'anani pamitanda ya denga ndi pamwamba pa mota: ngati mungalembepo dzina ndi chala, fumbi lachuluka. Sesani makina atazima, osapemerera ndi mpweya. Bering ikayamba kutentha imitsani, wowotcherera asayambe ntchito musanasese, ndipo wa fodya akasutire panja.